Mabokosi 12 a nthawi za aneni m'Chingerezi: anachokera kuti, nanga anafika bwanji ku Mzimba?

 Lero ndati tikambirane za chinthu chimene tonse tinakopera m'makope athu, ndipo ena a ife tikuchilembabe pabolodi chaka ndi chaka. Ndikunena tebulo lija la nthawi za aneni m'Chingerezi. Mukulikumbukira bwino: nthawi yatsopano, yakale ndi yamtsogolo, ndipo iliyonse ili ndi mitundu inayi, simple, continuous, perfect ndi perfect continuous. Mabokosi onse pamodzi ndi 12. Mwana amayamba kuloweza tebulo limeneli ali ku pulayimale, koma pofika Fomu 4 akulembabe kuti "my uncle has died yesterday".

Nkhaniyi si yamasewera. Mwana amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi, ndipo ku mayunivesite a boma amafuna kuti Chingerezicho akhoze ndi kirediti. Amene munachongapo zimangirizo mukudziwa kuti cholembera chofiira chimathera pa aneni. Choncho ndi bwino tidziwe kumene tebulo limeneli linachokera. Silinagwe kumwamba ayi. Linapangidwa ndi anthu, pang'onopang'ono, potengera chiyankhulo china chimene si Chingerezi n'komwe, kenaka linakwera sitima n'kudzafika kuno kwathu. Tikadziwa mbiri yake tiona kuti zambiri zimene ana athu amalakwitsa zili ndi chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho chikadziwika mankhwala ake savuta.

Chingerezi chinayamba ndi nthawi ziwiri zokha

Chingerezi chinafika pa chilumba cha Britain m'zaka za m'ma 400, pamene mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes inawoloka nyanja kuchokera kumadera amene lero ndi Germany ndi Denmark. Mneni wa chiyankhulo chawo ankasintha maonekedwe pa nthawi ziwiri basi, yatsopano ndi yakale. Nthawi yamtsogolo inalibe chizindikiro chakechake. Munthu akafuna kunena za mawa ankagwiritsa ntchito nthawi yatsopano n'kuwonjezerapo mawu oti mawa. Khalidwe limeneli silinathe. Mpaka lero Mngerezi amati "the bus leaves at six tomorrow", mneni ali mu nthawi yatsopano koma basiyo inyamuka mawa.

Nthawi yakale ankaipanga m'njira ziwiri. Aneni ena ankasintha lembo la liwu la pakati, monga sing ndi sang, drive ndi drove. Ena ankalandira kaphatikizo kumapeto, kamene lero timalemba -ed. Katswiri wa ku Germany, Jacob Grimm, ndiye anatchula gulu loyambalo kuti aneni amphamvu ndipo lachiwirilo aneni ofooka, m'buku lake la galamala limene linayamba kutuluka mu 1819. Chodabwitsa n'chakuti ofookawo ndiwo anapambana. Aneni ambiri amphamvu anasamukira ku gulu la -ed. Kale help ankapanga holp ndipo climb ankapanga clomb, koma lero ndi helped ndi climbed. Mneni aliyense watsopano amene walowa m'Chingerezi amatenga -ed, n'chifukwa chake timamva texted ndi downloaded. Tsono aneni ambiri a mu mndandanda uja wa aneni osatsata lamulo, umene timaumiriza ana kuloweza, ndi zotsalira za lamulo lakale limene linagonja. Mwana akalemba "teached" kapena "buyed" akuchita zomwe Angerezi eni akhala akuchita kwa zaka 1,000, kungoti aneni awiriwa sanafikiridwe.

Nanga go ndi went? Awa poyamba anali aneni awiri osiyana. Went inali nthawi yakale ya mneni wend, wotanthauza kulowera kwinakwake, ndipo go anangolanda mawuwo n'kuwasandutsa ake. Palibe nzeru imene mwana angagwiritse ntchito kuti atulukire yekha zimenezi. Apa pokha kuloweza n'koyenera.

Mabokosi enawo anamangidwa ndi aneni othandiza

Ngati nthawi zinali ziwiri, mabokosi 10 enawo anachokera kuti? Anamangidwa ndi aneni wamba amene anasiya ntchito yawo yakale n'kuyamba kuthandiza anzawo.

Tiyambe ndi will. Kalekale mneni ameneyu ankatanthauza kufuna. Munthu akati "I will go" ankanena kuti ndikufuna kupita. Popeza chimene munthu akufuna kuchita chimakhala chisanachitike, tanthauzo linasendera pang'onopang'ono mpaka linakhala la mtsogolo. Shall ankatanthauza kukhala ndi ngongole kapena kukakamizidwa. Going to ndi mwana wa dzana: anayamba kuoneka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ndipo poyamba ankanenadi za kuyenda ndi miyendo.

Have nayenso ankangotanthauza kukhala ndi chinthu. Munthu ankati "I have the letter written", kutanthauza kuti ndili ndi kalata yolembalemba m'manja. Patapita nthawi mawu anasinthana malo n'kukhala "I have written the letter". Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha present perfect: mneni wothandizayo ali mu nthawi yatsopano, ndipo chiganizocho chikunena za chimene uli nacho tsopano chifukwa cha zimene zinachitika kale. Kwa zaka mazana ambiri aneni a kuyenda ankatenga be m'malo mwa have, ndipo amene munawerengapo Baibulo la King James la 1611 munaona kalembedwe konga "is come" pamene ife tingalembe "has come".

Nthawi yopitirira, ija ya -ing, inalipo kale koma inali yosowa. Imodzi mwa mitsinje imene inaidyetsa ndi kanenedwe koti munthu ali "on hunting", kamene kanafupika kukhala "a-hunting", kenaka "hunting" chabe. M'masiku a Shakespeare, cha m'ma 1600, munthu ankatha kufunsa mnzake chimene akuwerenga popanda -ing, ndiponso popanda do. Kanenedwe koti "the house is being built" kanayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Chisanafike chaka chimenecho ankati "the house is building". Akuluakulu a galamala anakana kanenedwe katsopanoko kwa nthawi yaitali, moti mu 1870 mlembi wa ku America, Richard Grant White, anali akukanyozabe m'buku lake lotchedwa Words and Their Uses. Lero ife timadula malikisi mwana amene walemba zimene White ankati ndizo zolondola.

Anzanga, zimenezi zisatidabwitse, chifukwa ziyankhulo zathu zinayenda njira yomweyo. Kaphatikizo ka -dza- ka mu "ndidzapita" kanachokera ku mneni kudza. Ka -ku- ka mu "ndikudya" ndi chidule cha "ndili kudya", ndipo agogo ena amanenabe choncho. Kodi "ndili kudya" akusiyana pati ndi "on hunting" uja? M'Chitumbuka -zamu- wa mu "nizamuluta" ali pa ubale ndi kwiza, kubwera. M'Chiswahili -ta- wa mtsogolo anachokera ku kutaka, kufuna, ndendende ngati will. Anthu otalikirana chotere anapeza nzeru imodzi, yoti ukafuna kunena za mawa ubwereke mneni wa kufuna, kubwera kapena kupita.

Malaya a Chilatini

Tsopano tibwere ku mayina ndi tebulo. Kwa zaka pafupifupi 1,000 Angerezi ophunzira sankaphunzira galamala ya Chingerezi. Mawu oti galamala ankatanthauza Chilatini, chiyankhulo cha Aroma, chimene chinakhazikika ndi mpingo Augustine atafika ku Canterbury mu 597. Mabuku amene ankatsatidwa anali a Donatus wa m'zaka za m'ma 300 ndi Priscian wa cha m'ma 500. Cha m'ma 1000 m'monke wina dzina lake Aelfric analemba galamala m'Chingerezi cha masiku amenewo, koma cholinga chake chinali kuphunzitsa anyamata Chilatini. M'zaka za m'ma 1540 Mfumu Henry VIII inalamula kuti sukulu zonse zizigwiritsa ntchito buku limodzi la Chilatini, lodziwika ndi dzina la William Lily.

Mneni wa Chilatini amasinthadi maonekedwe pa nthawi zambiri, kuphatikizapo yamtsogolo, popanda mneni wothandiza. Choncho pamene William Bullokar analemba galamala yoyamba ya Chingerezi mu 1586, anatenga buku la Lily ngati chikombole n'kuumbiramo Chingerezi. Bokosi lililonse la Chilatini linayenera kudzazidwa ndi kanthu kena ka Chingerezi. Mawu enieniwo oti tense, perfect, pluperfect ndi future ndi ochokera ku Chilatini. Perfect kumeneko satanthauza chabwino koposa, amatanthauza chimene chatsirizika. Zinali ngati kuveka mwana malaya a bambo ake n'kumapinda manja kuti amukwane.

Ena anaona vutoli msanga. Mu 1653 John Wallis, katswiri wa masamu wa ku Oxford, analemba galamala ya Chingerezi momwe ananena poyera kuti Chingerezi chili ndi nthawi ziwiri zokha ndipo sichiyenera kukakamizidwa kutsata Chilatini. Choseketsa n'chakuti bukulo analilemba m'Chilatini. Wallis yemweyo ndiye anatchukitsa lamulo lija loti shall ayende ndi I ndi we, pamene will ayende ndi you, he ndi they, ndipo zitembenuke munthu akamalonjeza kapena kulamula. Lamulo limeneli linali la kayankhulidwe ka kumwera kwa England. Anthu a ku Scotland ndi Ireland ankadziwika kuti salitsata.

Mawu a Wallis pa za nthawi ziwiri sanamveke kwambiri m'makalasi. Mu 1762 Robert Lowth, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa London, anatulutsa kabuku kake kotchuka ka galamala. Mu 1795 Lindley Murray, loya wobadwira ku America amene ankakhala pafupi ndi mzinda wa York, analembera sukulu ina ya atsikana buku lotchedwa English Grammar, ndipo linafala kwambiri ku Britain ndi ku America. Murray anawerenga nthawi zisanu ndi imodzi, monga m'Chilatini, ndipo imene ife timati simple past iye ankaitcha imperfect. Mukuona kuti ngakhale chiwerengero sichinali chimodzi: wina ziwiri, wina zisanu ndi chimodzi, wina zochuluka kuposa apo.

Tebulo la nthawi zitatu zokhala ndi mitundu inayi iliyonse linakhazikika m'mabuku a kusukulu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mmodzi mwa amene analifalitsa ndi J. C. Nesfield, mkulu wa zamaphunziro ku India mu ulamuliro wa Angerezi, amene mabuku ake a m'zaka za m'ma 1890 anayenda m'maiko ambiri olamulidwa ndi Britain. Buku la Wren ndi Martin la 1935, lolembedwanso chifukwa cha sukulu za ku India, linatsata njira yomweyo ndipo likusindikizidwabe. Zindikirani kuti tebuloli linakula kwambiri kumene Chingerezi chinkaphunzitsidwa kwa ana a ziyankhulo zina. Mwana wa ku London sasowa tebulo kuti adziwe ponena "I have eaten". Ndipo akatswiri a masiku ano anabwerera kwa Wallis. Galamala yaikulu ya Randolph Quirk ndi anzake ya 1985 imati Chingerezi chili ndi nthawi ziwiri, ndipo ya Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum ya 2002 imakana zoti will ndi chizindikiro cha nthawi yamtsogolo, imamuika m'gulu limodzi ndi can, may ndi must.

Kuchokera ku Scotland kudzafika ku Njuyu ndi ku Embangweni

Galamala imeneyi inafika kuno m'mabokosi a amishoni a Livingstonia. Mishoniyi inayamba ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1882 inatsegula malo ku Njuyu, m'dziko la Inkosi M'mbelwa. Amene anatsegula njira anali William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wophunzira ku Lovedale ku South Africa, amene ankamvana ndi Angoni chifukwa ziyankhulo zawo ndi zapachibale. Dr Walter Angus Elmslie anafika mu 1885. Mafumu a Angoni anakaniza sukulu kwa zaka zingapo, ndipo chilolezo chinaperekedwa mu 1886, chaka chomwe Koyi anamwalira. Kenaka kunatsegulidwa Ekwendeni mu 1889, Hora mu 1893, ndipo mu 1902 Donald Fraser anakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni, kum'mwera kwa boma lathu lino.

M'sukulu za m'midzi ana ankayamba kuwerenga m'chiyankhulo chawo, poyamba Chingoni, kenaka Chitumbuka pamene zinaoneka kuti ndicho chimene anthu ambiri akuyankhula m'nyumba zawo. Chingerezi chinkabwera m'makalasi apamwamba, makamaka ku Overtoun Institution ku Khondowe, sukulu imene Dr Robert Laws anatsegula mu 1894. Kumeneko kunkatuluka aphunzitsi, makalaliki, amisiri, othandiza m'chipatala ndi abusa. Laws anali ndi digiri ya ku Aberdeen ya m'masiku amene wophunzira aliyense wa digiri yotero ankadutsa m'Chilatini ndi Chigiriki. Anthu otere akamaphunzitsa Chingerezi ankachiona ndi maso a Chilatini, ndipo mabuku awo anabwera ndi lamulo lija la shall ndi will limene kwawo ku Scotland anthu sankalitsata pakamwa.

Tisanyoze ntchito imeneyi. Chingerezi cha ku Khondowe chinali chakuthwa, ndipo eni dziko anachisandutsa chida. Levi Mumba anali mmodzi mwa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo mu 1944 anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. Charles Chinula ndi Yesaya Chibambo anali m'gulu la atsogoleri a Mombera Native Association, bungwe la kuno limene linayamba mu 1920. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Anthu amenewa ankalembera boma la atsamunda makalata a madandaulo m'chiyankhulo cha atsamundawo, ndipo m'kalata yotero kusiyana kwa "the government promised" ndi "the government has promised" ndi nkhani yaikulu, chifukwa chiganizo chachiwiricho chikuti lonjezolo likadali moyo ndipo tikulidikira.

Koma amishoni sanangobweretsa tebulo la Chingerezi. Analigwiritsanso ntchito poyeza ziyankhulo zathu. Alexander Riddel anasindikiza galamala ya Chinyanja mu 1880. Elmslie anatulutsa galamala ya Chingoni mu 1891, ndi kabuku kena ka Chitumbuka chaka chomwecho. Thomas Cullen Young analemba za Chitumbuka mu 1923. Onsewa ankalembera azungu anzawo ofuna kuphunzira ziyankhulo zathu, choncho ankayamba ndi mabokosi amene azunguwo ankawadziwa kale. Malaya amene Chingerezi chinabwereka ku Chilatini anadzavekedwanso Chitumbuka ndi Chichewa. Tsegulani buku la malamulo a Chichewa la kusekondale muone: nthawi yatsopano, yakale, yamtsogolo, kenaka yopitirira ndi yathayi. Ndi tebulo lomwe lija, langomasuliridwa.

Zimene mwana amabwera nazo kuchokera kunyumba

Vuto n'lakuti ziyankhulo zathu zimadula nthawi mosiyana ndi Chingerezi. Mwana wa ku Embangweni kapena wa kuno ku Engutwini akati "naluta", "nanguluta" ndi "nkhaluta" wanena zinthu zitatu: wangopita kumene, anapita lero lomwe lino, anapita dzulo kapena kale. Kutsogolo nakonso ali ndi "nilutenge" wa posachedwa ndi "nizamuluta" wa patali. Chitumbuka chimayeza mtunda wa nthawi kuchokera pamene munthu waima. Chichewa chimachitanso chimodzimodzi ndi "ndapita", "ndinapita" ndi "ndinkapita", "ndipita" ndi "ndidzapita", ndipo chimawonjezera kukweza ndi kutsitsa mawu. Nenani mokweza "ndimaphunzitsa" kutanthauza ntchito yanu ya masiku onse, kenaka "ndimaphunzitsa" poyankha amene wakufunsani chifukwa chimene simunayankhire foni m'mawa. Malembo ndi amodzi, nthawi ndi ziwiri. Mmodzi mwa oyamba kulemba mozama za kamvekedwe kameneka anali Mark Hanna Watkins wa ku America, m'buku lake la galamala ya Chichewa la 1937, ndipo amene ankamuuza Chichewacho anali Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago. Mu 2012 Andrea Kiso analemba kafukufuku wa digiri ya udokotala ku Stockholm University wofananitsa nthawi za aneni m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chisena.

Chingerezi sichisamala za mtunda. "I went" akhoza kukhala wa mphindi zisanu zapitazo kapena wa zaka 50 zapitazo. Chimene Chingerezi chimafunsa ndi china: kodi nthawi imene ukunenayo yatsekedwa, kapena ikukhudzabe tsopano? Kodi ukuona ntchitoyo yathunthu, kapena uli m'kati mwake? Mwana amene wazolowera funso loti "zachitika liti" akupatsidwa chiyankhulo chofunsa kuti "zatsekedwa kodi". Tikamvetsa zimenezi, zolakwa zija zimayamba kuoneka mwadongosolo.

Tengani "my uncle has died yesterday". Pa uthenga wa maliro timati "amalume amwalira dzulo", ndipo ndi Chichewa chabwino, chifukwa nkhaniyo ndi yaposachedwa ndipo malirowo akadali m'nyumba. Mwana wamasulira molondola. Ngakhale Mfalansa ndi Mjeremani amanena chimodzimodzi m'ziyankhulo zawo, mneni wothandiza wa mu nthawi yatsopano pamodzi ndi dzulo. Chingerezi ndicho chili ndi khalidwe lakelake: popeza has ali mu nthawi yatsopano, sagwirizana ndi mawu otseka nthawi monga yesterday, last year kapena in 1994.

Tengani "I am knowing him" ndi "I am wanting a pen". Ife timati "ndikumudziwa", "ndikufuna cholembera", ndi -ku- yemweyo wa mu "ndikudya". Mwana anauzidwa kuti -ku- ndi -ing, ndiye walakwa pati? Sanauzidwe kuti Chingerezi chimapatula aneni a mumtima ndi m'mutu, monga know, want, believe ndi own, n'kuwamana -ing pa kanenedwe ka masiku onse. Mbali inayi, ife timati "wagona", "wavala jekete", "ndatopa", pamene Mngerezi akuti "she is sleeping", "he is wearing a jacket", "I am tired". Ife timaona kuti munthuyo walowa kale mu mkhalidwewo, iwo amaona kuti ali m'kati mwake.

Tengani chimangirizo chofotokoza nkhani, kumene ana ambiri amagwera. Timati "anapita kumsika n'kugula usipa n'kubwerera kunyumba". Nthawi taionetsa kamodzi, pa mneni woyamba, ndipo enawo angotsatira. Mwana akalemba "she went to the market and buy fish and return home" watsata lamulo limeneli mokhulupirika. Chingerezi chimafuna kuti mneni aliyense avale yunifolomu ya nthawi yakale. N'chimodzimodzi ndi mawu ochita kuuzidwa. Ife timati "anati akudwala", osasintha nthawi ya mawu a mwini wake, pamene Chingerezi cha mayeso chimabweza mneni m'mbuyo, "he said he was ill". Pomaliza pali khutu. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, choncho kamvekedwe ka -ed mu walked ndi asked, kamene ndi t wouma womatidwa pa k, mwana sakamva bwino, ndipo chimene sanamve sangachilembe.

Ziyankhulo zitatu m'mutu umodzi

Mbiri ya ndale inawonjezera katundu pa mwana wa kuno. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za boma, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Kuyambira pamenepo mwana wa ku Mzimba ankayankhula Chitumbuka kunyumba, kuphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti makalasi anayi oyamba aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha m'deralo, koma mabuku a m'ziyankhulozo sanafike mokwanira. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1.

Pa kusintha konseku palibe pamene mwana anapatsidwa mpata woika ziyankhulo zake zitatu pa tebulo limodzi n'kuzifananitsa. Chichewa chili ndi piriyodi yake, Chingerezi yake, Chitumbuka chimatsala pa geti, ndipo m'sukulu zambiri wochiyankhula ankalandira chibalo. Chonsecho mwana ameneyu ndi katswiri kale wa nthawi za aneni. Amasiyanitsa "wanguluta" ndi "wakaluta" asanayambe n'komwe sukulu, chinthu chimene chinkawatengera amishoni zaka.

Tsono tichite chiyani?

Sindikuti titaye tebulo. Mayeso a MANEB amafunsa za nthawi zimenezi, ndipo tebulo limathandiza pobwereza. Koma lizibwera kumapeto, ngati nkhokwe yosungiramo zimene zakololedwa kale. Poyamba mwana adziwe zinthu zochepa zimene mbiri yationetsa. Mneni wa Chingerezi ali ndi nthawi ziwiri, ndipo m'gulu la aneni oyendera limodzi, woyamba yekha ndiye amanyamula nthawiyo. Have amalumikiza zakale ndi nthawi imene tikukamba. Be ndi -ing amatilowetsa m'kati mwa ntchito. Will ndi mnzake wa can ndi must. Ndi njerwa zinayi zimenezi mwana akhoza kumanga yekha mabokosi onse 12, ngakhale lija loopsa la "will have been teaching".

Chachiwiri, tisaope kulemba Chitumbuka ndi Chichewa pabolodi kwa mphindi zisanu mu piriyodi ya Chingerezi. Lembani "amwalira dzulo" ndi "he died yesterday" moyandikana, ana apeze okha pamene ziyankhulo ziwirizi zasiyana njira. Pamene zikugwirizana, gwiritsani ntchito mlathowo. Mwana amene amalemba "I am living here since 2019" mufunseni anene m'Chichewa, ndipo mumutsogolere ku "ndakhala ndikukhala kuno", chifukwa "ndakhala ndiku-" ndi "have been -ing" ndi mapasa. Pa chimangirizo, muuzeni awerenge ntchito yake kachiwiri akuyang'ana aneni okha, makamaka amene abwera pambuyo pa and.

Chachitatu, pochonga tizisiyanitsa kulakwa kwa ulesi ndi kulakwa kwa kumasulira. Mwana wa "has died yesterday" waganiza, ndipo waganiza bwino m'chiyankhulo china. Tikangodula mzere wofiira osamuuza chifukwa, adzabwereza mawa, ndipo adzayamba kukhulupirira kuti mutu wake ndi wouma. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Angerezi eni zinawatengera zaka zoposa 1,000 kuti amange nthawi zimenezi, ndipo akatswiri awo akhala akutsutsana za chiwerengero chake kuyambira masiku a Wallis. Mwana wa Fomu 1 tingamupatseko teremu imodzi yoti afunse mafunso.

Inu ana athu akale amene tsopano muli ndi ana anu, mukamawathandiza homuweki musawaletse kufunsa kuti m'Chitumbuka kapena m'Chichewa tikanati bwanji. Funso limenelo ndilo khomo. Ndipo inu aphunzitsi anzanga a Chichewa ndi a Chingerezi, tiyeni tizikhalirana pansi mu stafu rumu n'kuyerekeza zimene tikuphunzitsa sabata imodzimodziyo, popeza mwana amene tikumuphunzitsayo ndi mmodzi.